Ngolo pa Mzere wa Petulo

Chaka chimenecho ndinafesa fodya bwino, ndipo aliyense wa ku Wimbe amene anadutsa pa nazale yathu angakuuzeni. Ine ndine Dorika, mkazi wa malemu a Jeremiya, ndipo sindidzitama pachabe. Mabedi anamera mothinana, obiriwira kuyambira uku mpaka uko. Nazaleyo inali ya mabanja awiri, langa ndi la alamu anga a Lameki, ang'ono awo a malemuwo, pamodzi ndi akazi awo a Rute. Mbande zimenezo ndizo zinali chaka chathu chonse. Zikakufera mu Okutobala sungafesenso, chifukwa mvula imakupeza ulibe chowokera, munda wa fodya n'kugona.

Amene sanalimepo fodya ndimuuze. Timafesa mtsinje ukadali ndi madzi pafupi. Dzuwa likayamba kuwawa mtsinje umathawa, lero uli apa, mawa uli uko, mpaka kutsala dziwe limodzi kutali kumunsi. N'chifukwa chake a Jeremiya asanamwalire anagula kainjini kopopa madzi, kofiira, koyendera petulo, ndi mapaipi ake ataliatali. Kakalira m'mawa ndi madzulo, madzi ankakwera okha kuchokera kudziwe mpaka pa nazale, ife n'kumangodzaza makeni othirira. Mbande zazing'ono zimamwa kawiri pa tsiku. Ukazimana sizikudandaulira nthawi yaitali, zimangogona n'kupsa.

Ndiye petulo anasowa m'dziko lonse.

Alamu anga anali ndi kawailesi kamene sankakasiya ngakhale popita kuthengo, ndipo tsiku lililonse kankatibweretsera chifukwa chatsopano. Lero akuti nkhondo ya kwa Aluya yakweza mitengo. Mawa akuti sitima zachedwa padoko. Mkuja akuti ndalama zakunja zachepa. Poyamba ndinkatukwana chamumtima, kenako ndinaona kuti chamumtimacho chikungondipweteka ndekha. Nkhondo za anthu zayamba lero kodi? Ife timadziwa kuti Febuluwale amabwera chaka chilichonse ndi njala yake, ndiye timamanga nkhokwe. Nanga boma lathunthu, la maofesi osanjikizana, nkhokwe yake ya mafuta inali kuti? Pamisonkhano ankatiimbitsa nyimbo za makuponi a feteleza, ngati fetelezayo munthu amathira pa dothi lopanda mbewu.

Petulo wathu atatha tinabwerera ku ngolo. Ndili ndi ng'ombe ziwiri, Bokosi ndi Kapitawo. Tinkakweza migolo, kutsika kudziwe, kudzaza ndi ndowa, kukwera chitunda, kuthira, kutsikanso, tsiku lonse. Madziwo sankakwana. Mabedi a m'mphepete anayamba kufota masana n'kumadzuka mwaulesi madzulo. Mbandezo sizinkafa, komanso sizinkakula, ndipo ng'ombe zinayamba kuonekera nthiti.

A Lameki anatenga chigubu chathu chachikasu, chija anachikonza chogwirira ndi waya, n'kupalasa njinga kupita ku filing'i ya pamsewu wa tala. Anabwera madzulo ali ndi njinga yokha.

"Chigubu chili kuti, alamu?" ndinawafunsa.

"Alanda alonda a pa filing'i."

"Munaba kanthu?"

"Ayi. Akuti kwatuluka lamulo. Mafuta asathiridwe m'zigubu chifukwa anthu akumakagulitsa mokwera. Azilowa m'thanki ya injini basi."

"Nanga ife a mapampu? Nanga a zigayo?"

"Ndinafunsa. Akuti lamulolo silinanene za ife."

Inde silinanene za ife. Amene analilemba anayang'ana pawindo la ofesi yake, anaona magalimoto, n'kuganiza kuti dziko lathera pomwepo. Kuseri kwa filing'i kunali anyamata ogulitsa petulo mobisa, zimenezo tinkazidziwa. Koma mtengo wake unali woti uyambe wagulitsa mbuzi, ndipo ankasakaniza ndi palafini. A Mphepo a patsidya anagulako, injini yawo inatsokomola kawiri n'kufa mpaka lero. Kainjini ka malemu amuna anga sindikanakamwetsa poizoni ameneyo.

"Akufuna thanki, eti?" ndinatero. "Tiwapititsira thankiyo. Tikweza injini pangolo."

A Lameki anaseka, kenako ataona nkhope yanga anasiya. Anati pa filing'i anamva kuti lole ya mafuta ifika mawa lake. Tikanyamuka m'bandakucha, masana tili pamzere, madzulo tabwerera.

A Rute okha ndiwo sanakondwe. Ndi munthu wa mawu ochepa, amene akafuna kukutsutsa amayamba wayang'ana pansi.

"Amake Pempho," anatero, ponditchula ndi dzina la mwana wanga woyamba, "ngolo ikapita, migolo idzakwera ndi chiyani? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo."

"Tsiku limodzi lokha," ndinawayankha. "Onjezani udzu pamwamba pa mabedi, mutunge ndi ndowa inu ndi ana. Ndi migoloyi tikungochedwetsa maliro. Tikapeza petulo mbande zimwa mpaka kukhuta."

Musandifunse ngati ndinalakwa. Munthu wotsata lamulo la dziko lake salakwa, ndipo ine lamulolo ndinalitsata mpaka kulikweza pangolo.

Tinamangirira kainjini ndi luzi pa matumba kuti kasagubuduke, n'kuuyamba. Dzuwa lili pamutu tinafika pa tala. Mzere unayambira pa filing'i, kudutsa pamsika, mpaka pafupi ndi chigayo chimene chinali zii chifukwa chosowa dizilo. Tinaima kumbuyo kwa minibasi, Bokosi n'kununkhiza galasi lake lakumbuyo. Anthu anatuluka m'magolosale kudzationerera.

"Mayi," anatero kondakitala wa minibasiyo, "injini zanu ziwiri zakutsogolozi zimamwa petulo kapena dizilo?"

"Zimadya udzu ngati iweyo," ndinamuuza, "koma izozo zimagwirako ntchito."

Anzake anamuseka, iye n'kukakhala pamthunzi. Sanandiputenso.

Woyang'anira filing'iyo anali a Stewart, bambo ovala tayi ngakhale kukutentha chotani, ndi mulu wa makiyi palamba. Anayenda m'mbali mwa mzere akutiuza tonse mawu amodzi: lole yanyamuka kale, ili pa Mponela. Atafika pa ife anaima, anayang'ana ng'ombe, anayang'ana kainjini.

"Thanki ndi iyi," ndinatero ndikuimenya ndi chikhatho. "Si chigubu."

Anakoka mpweya, koma sanatichotse. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anatero, n'kupitirira.

Dzuwa linalowa lole osaoneka. Kutacha, ndinadzuka pansi pa ngolo nthiti zikuwawa, mtima uli kumudzi. Ndinauza a Lameki kuti titsitse injini, ine nditsala nayo pamzere, iwo abwerere ndi ngolo akatunge madzi. Tinamasula luzi, tinaitsitsa, tinaiika bwinobwino pa tala pamene panali ngolo. Nthawi yomweyo anatulukira mlonda wa chibonga, amene a Lameki anati ndi yemwe uja analanda chigubu.

"Ichi chikutani pansi?"

"Chikudikira petulo, ngati inu nonse."

"Chopanda matayala si galimoto. Chikakhala pansi ndi chigubu basi. Mukachotsa ngolo, mwatuluka pamzere."

"Achimwene, kumudzi ndasiya mbande zikupsa."

"Ine ndikungotsata zimene andiuza."

Mawu amenewo ndimadana nawo kuposa njoka. Ndinacheuka kuyang'ana kumbuyo kwathu. Usiku umodzi wokha mzere unali utakula, wadutsa chigayo, wakhota pakona, osaoneka pothera. Tikanachoka, malo amenewo sitikanawaonanso. A Lameki anakanda m'mutu.

"Alamu," anatero, "paja akuti ili pa Mponela. Mponela si kutali."

Tinaikwezanso pangolo.

Mzere umagwira munthu ngati ulimbo. Ukadikira m'mawa umati sindingachoke masana, ndataya kale m'mawa wonse. Ukagona usiku umodzi umati sindingachoke lero, nanga dzulo lija lipite pachabe? A Stewart ankatuluka ndi makiyi awo kudzatiuza za Mponela, mpaka anthu anayamba kufunsana ngati loleyo yakwatira kumeneko. A Lameki ankamasula ng'ombe n'kukazimwetsa kumjigo wa kuseri kwa msika, ine n'kukhala pangolo kulondera malo. Foni yanga inazima. Ndinapita nayo kwa wometa tsitsi amene amatchajitsa mafoni, ndinamupeza akugona pabenchi, magetsi anazima kuyambira dzana. Za kumudzi sindinkamva kanthu.

Koma sindinkafunika foni. Dzuwa likafika pamutu n'kundiotcha pakhosi, ndinkadziwa chimene likuchita pa mabedi. Ndinkawaona a Rute m'maganizo, ndowa pamutu, akukwera chitunda chija, madzi akutayikira pamsana. Ndinkawerenga mabediwo ndi maso a mumtima, n'kumadziuza kuti udzu tinaonjezera uja uthandiza. Nthawi zina ndinkadzinamiza mpaka kukhulupirira.

Tsidya lina la msewu kunali mzere wa dizilo, ndipo pamenepo panaima lole yodzaza matumba a feteleza wa makuponi. Dalaivala wake anali atayanika malaya pagalasi. Anandiuza kuti fetelezayo akupita kwathu komweko, kumadepoti a kumidzi, akangopeza dizilo. Ndinaseka mpaka misozi, koma sikunali kuseka kwabwino. Feteleza pamzere, madzi pamzere, mlimi pamzere, ndiye kumunda kwatsala ndani?

Lole ya mafuta inafika tsiku lina chakumasana, titasiya kale kuyang'ana kumsewu. Anthu anathamanga, mainjini analira, amene analibe kadontho anayamba kukankha magalimoto awo. A Lameki anamanga ng'ombe pagoli mwachangu. Ndinati Mulungu wamva.

Ndiye ndinaona mmene mafuta amagawidwira m'dziko muno. Poyamba panabwera magalimoto amene sitinawaonepo pamzere, aakuluakulu, a magalasi akuda. Anangotulukira ngati inswa, mlonda uja akuwatsegulira njira ndi chibonga chake. Akuti ndi a ntchito zofunika. Sindinadziwe kuti kuthirira mbande ndi masewera. Atatha amenewo, mzere unayamba kusuntha pang'onopang'ono. Kutsogolo kwathu kunali kagalimoto kabuluu kopanda nyali imodzi. Kanathira, kanazungulira kuseri kwa filing'i. Posakhalitsa ndinakaonanso kali kutsogolo, mlonda akukalowetsa. Kanathiranso, kanazunguliranso.

Ndinasiyira a Lameki chingwe cha ng'ombe n'kukasuzumira kuseriko. Anyamata anali atalowetsa kapaipi m'thanki ya kagalimotoko, akuyamwa ndi pakamwa, petulo n'kumatsikira m'zigubu zondandalikidwa m'mbali mwa khoma. Chachitatu pamzerewo chinali chachikasu, chogwirira chake cha waya. Chigubu chathu. Anatilanda kuti tisagulitse mafuta mobisa, n'kuchipereka kwa ogulitsa mafuta mobisa.

Ndinatembenuka. Ndinabwerera pangolo mano ali gwa, chifukwa ndinadziwa kuti ndikatsegula pakamwa pamenepo atichotsa pamzere.

Dzuwa litapendeka, Bokosi ndi Kapitawo anaponda simenti ya pa filing'i. Mtsikana wothira mafuta, dzina lake Clara lolembedwa pa yunifolomu, anagwira paipi n'kuima, akuyang'ana abwana ake. A Stewart anabwera akupukuta thukuta.

"Mayi, apa pavuta pang'ono. Mafuta atsala ochepa, ndipo ngolo m'malamulo mulibe. Akandiona akuluakulu ndikuthira pangolo, anditsekera."

Pamenepo ndiye chimene ndinachimeza masiku onse aja chinatuluka. Ndinakwera pangolo, ndinaima pafupi ndi kainjini kuti aliyense andione.

"A Stewart, ndikufunseni. Mafuta amenewa mumakumba kuseri kwa nyumba yanu? Amagulidwa kunja, ndi madola. Madolawo amachokera kuti? Wailesi yanu yomweyo imanena chaka chilichonse kuti amachokera ku fodya. Fodyayo amamera pa tala pano? Amamera m'magalasi akuda aja? Amamera pa mabedi anga, amene ndawasiya akupsa kuti ndidzatsate lamulo lanu. Munati chigubu ayi, ndabweretsa thanki. Munati pansi ayi, ndaisiya pa matayala. Tsopano mukuti matayala ake si amenewa. Ndiuzeni, ndiiveke tayi? Chigubu chathu chili kuseri uko chikumwa, pitani mukachione, chachikasu. Ine sindichoka pano. Ng'ombezi zigona pompano, ndipo ndowe zake mukolopa ndinu."

Anthu onse anacheukira kwa a Stewart. Kenako kondakitala uja, yemwe ndinamunyoza tsiku loyamba, anakuwa kuchokera pamsewu kuti, "Athireni mayiwo, inu, tonse tinagona nawo pano." Ena kumbuyo anayamba kuliza mahutala. A Stewart anayang'ana uku ndi uku, anagwedeza mutu kwa mtsikanayo, n'kulowa mu ofesi.

Clara anakwera pa tayala, anatsegula kachivindikiro, anafinya. Ndisanameze n'komwe malovu, paipi inati thi.

"Basi?" ndinafunsa.

"Yadzaza, mayi," anatero motsitsa mawu. "Kathanki kake n'kakang'ono."

Ndinkadziwa kuti n'kakang'ono, ndakhala ndikukathira zaka zonsezi. Koma ndinali ndisanakaonepo kuchepa kwake ngati tsiku limenelo. Munali petulo wokwana kuthirira kangapo chabe, ndipo kuti ndipeze wina ndinayenera kukayambiranso kuseri kwa chigayo.

Tinagona panjira kwa achibale chifukwa ng'ombe zinatopa, n'kulawirira m'mawa. Sitinapite kunyumba, tinalunjika ku nazale. A Rute tinawapeza atakhala pamgolo wopanda kanthu, ndowa ili pambali. Khosi lawo linali louma, potembenuka ankatembenuka thupi lonse. Sanatipatse moni. Anangoimirira n'kutitsogolera.

Ndinagwada pa bedi loyamba n'kukweza udzu. Pansi pake panali zofiirira. Ndinatola kambande kamodzi, ndinakafikisa pakati pa zala, kanafumbutuka ngati fodya wa pamphuno. Ndinapita pa bedi lachiwiri. Ndinapita pa lachitatu. Ndinayenda mabedi onse, anga ndi awo, ndikukweza udzu, ngakhale ndinali nditadziwa kale.

"Ndinayesa, amake Pempho," anatero a Rute. "Ana anatopa, wina anadwala mutu, ndinatsala ndekha. Madzi anali oti ndikanapulumutsa bedi limodzi, mwina awiri. Koma ndisankhe la ndani? Ndikanathirira athu okha, mukanati chiyani pobwera? Ndikanathirira anu okha, abambo a kwathuwa akanati chiyani? Ndiye ndinkangogawa pang'onopang'ono, onse mofanana."

Onse anafa mofanana. Ndinawayang'ana mayi amenewa, mapazi ong'ambika, nkhata ikadali m'manja, ndipo mtima unandiwawa kwambiri moti sindinathe kulira. Ndinawagwira dzanja. Ndinawauza kuti palibe chimene analakwa, ndipo aliyense amene adzanene zina adzaonana ndi ine.

A Lameki anaika kawailesi kawo pamgolo, anakhala pansi, anavula chipewa. Kenako anati, "Alamu, madzi akatayika saoleka. Petuloyu tisunge. Kapena timugulitse kwa a njinga zamoto, tipezeko ya sopo."

"Ayi," ndinatero. "Petulo ameneyu ndinagonera pa tala. Anabwerera nazale, ndipo apita pa nazale. Tsikani nayo injiniyo mukailize."

"Tithirire chiyani?"

"Alamu, tsikani."

Anandiyang'ana, anaona kuti si tsiku lokangana nane, anakusa ng'ombe kulowera kudziwe. Ine ndinagwira kumapeto kwa paipi n'kumadikira. Patapita kanthawi ndinamva kainjini kakulira kumunsi, bwinobwino, mawu ake akale omwe aja. Paipi inagwedezeka m'manja mwanga, inalavula mpweya, kenako madzi anabwera ambiri, ozizira, amphamvu. Ndinawalozetsa pa bedi loyamba. Dothi linamwa, udzu unayandama, tizinyalala tofiirira tinatengedwa n'kumatsikira mumngalande.

Kawailesi kaja kanali kakulankhulabe pamgolo. Inali nthawi ya nkhani. Mkulu wina wa boma ankafotokoza kuti vuto la mafuta si lathu lokha, ndi la dziko lonse lapansi, ndipo anthu adekhe. Anati zinthu zidzakhala bwino msika wa fodya ukadzatsegulidwa, chifukwa madola a fodyayo ndiwo adzagule mafuta. Ndiye anatsitsa mawu ngati m'busa, n'kupempha alimi onse kuti m'nyengo yotentha ino asachite ulesi, asamalire nazale zawo, azithirira kawiri pa tsiku.

A Rute anandiyang'ana. Ine ndinatembenuza paipi.

Madzi anaimenya wailesiyo pakamwa penipeni. Inagwa pamgolo, inagubuduka m'matope, mkuluyo akuyesabe kulankhula mokhosomola. Ndinaitsatira ndi paipi. Ndinaithirira mofatsa, mbali zonse, monga momwe ndimathirira mbande, mpaka inasiya. Ndinapitirizabe mpaka kumunsi kuja kainjini kanatsokomola n'kuzima, madzi n'kuyamba kudontha.

Pa zinthu zonse zimene petulo uja anathirira, wailesiyo yokha ndiyo inali idakali ndi moyo.